Mphini si umboni wa umbava

Agogo anga aakazi anali ndi mphini pamphumi ndi m'masaya. Anawatema ali namwali. Ankatiuza kuti masiku awo mtsikana wa nkhope yosalala ankasekedwa kuchitsime, ati sanakule. Atakalamba zinthu zinatembenuka. Akapita kumsika ku Insaca, ana asukulu ankawaloza chala, ndipo iwo ankakokera mpango kumaso. Nkhope inali yomwe ija, koma maso a anthu anali atasintha.

Ndawakumbukira agogowa chifukwa cha zomwe ndinaona kugombe kwathu kuno ku Chiuta nyengo yamvula yapitayi. Msodzi wina anatchera ukonde madzulo, m'mawa anapeza palibe. Dzuwa lisanafike pamutu, anthu anali atagwirizana kale za wakuba. Anati ndi mnyamata wina amene anali atangobwera kumene kuchokera ku Joni. Palibe anamuona akukwera bwato usiku. Palibe anamupeza ndi nsomba. Chimene anthu anaona ndi mkango wojambulidwa pamkono pake ndi dzina lolembedwa pachifuwa. Anapita kwa mayi ake, nafwanyula m'nyumba monse, osapeza kanthu. Patapita masiku atatu ukonde unapezeka utakola m'bango, mphepo itaukankhira kumeneko. Palibe anapita kukapepesa. Mpaka lero eni mabwato samulemba ganyu. Dzina la pachifuwa lija ndi la mwana wake wamkazi.

Maganizo anga ndi awa: chojambula pakhungu, kaya ndi mphini zamakolo kaya ndi zatsopanozi zimene achinyamata amatchula m'Chipwitikizi kuti tatuagem, sichitiuza ngati munthu ndi wakuba kapena wolungama. Tikamaweruza munthu ndi khungu, timalakwira iyeyo, ndiponso timaphwanya malamulo a dziko lathu.

Tiyambe ndi kufunsa kuti mwambowu unachokera kuti. Ambiri amati ndi wachilendo, unabwera ndi mafilimu ndi mafoni. Koma yang'anani nkhope za okalamba athu. Amakhuwa, Alomwe, Ayao ndi Anyanja onse ankatema mphini. Zina zinali zokongoletsa. Zina zinkasonyeza mtundu wa munthu, kuti akakumana ndi mlendo panjira adziwike kwawo. Zina ndi za mankhwala, ndipo izi sizinathe. Ndi angati mwa ife, tikakwinya malaya, alibe timizere tiwiri kapena titatu pachifuwa, pamsana kapena pabondo, pomwe asing'anga anatema ndi kupakapo mankhwala? Amene anafuula kwambiri kugombe tsiku lija, ena mwa iwo ali nazo.

Si kwathu kokha. Mu 1991, m'mapiri a chisanu pamalire a Italy ndi Austria, anthu anapeza mtembo wa munthu amene anafa zaka zoposa 5,000 zapitazo. Anamupatsa dzina loti Ötzi. Pathupi pake anawerengapo mphini 61, zambiri zili pamsana, m'mawondo ndi mu akakolo. Akatswiri ena amaganiza kuti anamutema pofuna kuchiza ululu, monga momwe amachitira asing'anga kuno. Kutema ndi kujambula khungu ndi mwambo wakale kwambiri wa anthu.

Ifenso a dera lino tiyenera kudziwa bwino kupweteka kwa kunyozedwa chifukwa cha maonekedwe. Zaka zoposa 100 zapitazo, Alomwe ambiri anachoka kuno ku Mozambique kuthawa nkhanza za Apwitikizi, msonkho ndi ntchito yokakamiza. Anawolokera ku Nyasaland, dziko lomwe lero ndi Malawi, nakagwira ntchito m'minda ya azungu ku Mulanje, Thyolo ndi Chiradzulu. Kumeneko anawapatsa dzina lachipongwe loti Anguru. Ankawaseka chifukwa cha chilankhulo chawo, zakudya zawo ndi mphini zawo. Ambiri anachita manyazi mpaka analeka kuphunzitsa ana awo Chilomwe. M'zaka za m'ma 1940, Lewis Bandawe ndi anzake analimbana ndi boma la atsamunda kuti dzina lachipongwelo lichoke m'makalata a boma, ndipo linachoka. Mu 2004 Mlomwe, Bingu wa Mutharika, anakhala pulezidenti wa Malawi. Amene ankasekedwa aja ndi abale athu, ena ndi agogo athu enieni.

Kumpoto, ku Cabo Delgado, kuli Amakonde. Mphini zawo zakumaso amazitcha dinembo. Atsamunda ankawayesa anthu akutchire. Komatu ndi ku Mueda, kwawo kwa Amakonde, komwe anthu anaphedwa pa 16 June 1960 atapita kukapempha ufulu, ndipo Amakonde ambiri analowa nkhondo yomenyera ufulu imene inayamba pa 25 September 1964. Ufulu umene tinalandira mu 1975 unamenyedwanso ndi anthu a mphini kumaso. Lero mayi Reinata Sadimba, Mmakonde wobadwa mu 1945, ali ndi dinembo nkhope yonse. Ndi mmisiri woumba ndi dongo, ndipo zoumba zake zaonetsedwa ku Maputo ndi kumayiko akunja. Kutali ku New Zealand, mayi Nanaia Mahuta anakhala nduna yoona za mayiko akunja mu 2020 ali ndi mphini za makolo ake, a Maori, pachibwano. Ndipo anyamata amene amasonkhana m'mabanda a kanema kuonera mpira amadziwa kuti Lionel Messi, amene ananyamula chikho cha dziko lonse mu 2022, mkono wake wadzaza zojambula.

Tsono mantha athu akuchokera kuti? Sindinena kuti alibe chiyambi. Amene anakhalako ku South Africa amadziwa za magulu a m'ndende otchedwa 26, 27 ndi 28. Anthu a magulu amenewa amadzilemba manambalawa pathupi, ndipo ndi oopsadi. Nkhani zawo zinafika kuno ndi obwera ku Joni, ndipo pang'onopang'ono tinayamba kuganiza kuti aliyense wojambulidwa anatuluka m'ndende. Apa ndi pamene tinasokera. Akuba ena amavala chipewa, koma sitigwira aliyense wovala chipewa. Ndipo taganizani za anthu amene anakuberanipo inu: wa sikelo yonama pogula chimanga ndi nandolo, wobwereka ndalama osabweza, wosuntha malire a munda usiku. Ndi angati mwa iwo anali ndi chojambula pamkono? Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Khungu losalala nalonso limabisa zambiri.

Ena amati chipembedzo chawo chimaletsa. N'zoona. Akhristu ambiri amatchula buku la Levitiko, mutu 19, ndime 28, ndipo mashehe ambiri amaphunzitsa kuti Msilamu asajambule thupi lake. Amene amakhulupirira zimenezi ali ndi ufulu wozitsata, wophunzitsa ana ake, ngakhale wolangiza mnzake mwaulemu. Koma chiphunzitso chakuti usajambule thupi lako n'chosiyana ndi chilolezo chonamizira mnzako umbava. Kutchalitchi ndi kumzikiti komwe, umboni wonama ndi tchimo lalikulu.

Pali nkhawa ina imene ndikugwirizana nayo kwathunthu, ndiyo ya matenda. Lumo kapena singano imene yalowa m'thupi la munthu mmodzi ikalowanso mwa wina, ingathe kupatsira HIV ndi matenda a chiwindi otchedwa hepatitis B ndi C. Chida chauve chingayambitse kafumbata ndi zilonda zotukusira. Izi zimakhudza wojambula wa m'tauni ku Cuamba, zimakhudzanso asing'anga a m'mudzi ndi anamkungwi akuchinamwali. Munthu mmodzi, lumo limodzi latsopano. Ndiponso mwana wamng'ono asamujambule, chifukwa chojambulacho sichichoka ndi sopo, ndipo iye sanafike pa msinkhu wosankha yekha. Mnyamata amene akufuna kulemba dzina la chibwenzi pamkono ayambe waganiza kawiri, pakuti chibwenzi chimatha koma dzinalo limatsala. Malangizo onsewa ndi abwino, ndipo tingawapereke popanda kunyoza aliyense.

Tsopano tione zimene malamulo akunena. Malamulo aakulu a dziko lathu, Constituição da República, amene anakhazikitsidwa mu 2004, ali ndi ndime zitatu zoyenera kuzidziwa. Ndime 35 imati nzika zonse ndi zofanana pamaso pa lamulo, posayang'ana khungu, mtundu, kumene munthu anabadwira, chipembedzo, maphunziro kapena udindo wake. Ndime 41 imapatsa nzika iliyonse ufulu wokhala ndi ulemu ndi mbiri yabwino. Ndime 59 imati woganiziridwa mlandu ndi wosalakwa kufikira khoti litagamula. Mnyamata wa kugombe uja anamulanda zitatu zonsezi m'mawa umodzi. Ndime zomwezi ndi zimene zimakutetezani inu amene mukuphunzira kuwerenga mutakula, kuti wa mu ofesi asakunyozeni chifukwa mukusaina ndi chala.

Tisaganize kuti mphekesera za maonekedwe ndi nkhani yaing'ono. Mu 2017, ku Milange m'chigawo cha Zambézia, amuna a dazi anaphedwa chifukwa cha bodza lakuti m'mutu mwawo muli golide. Chaka chomwecho, kutsidya kwa malire ku Mulanje ndi Phalombe, anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu a anthu powaganizira kuti ndi anamapopa. Abale athu achialubino akhala akusakidwa kuno ndi ku Malawi chifukwa cha khungu lawo. Zonsezi zinayamba ndi mawu, munthu wina ataloza chala n'kunena kuti taonani mmene akuonekera. Tsiku lija kugombe, kukanapezeka mmodzi wotola mwala, bwenzi lero tikukamba za maliro.

Nanga tichite chiyani? Katundu akasowa, tifunse mafunso atatu: ndani anaona, anaona chiyani, ndipo anaona liti? Ngati yankho ndi lakuti munthuyo amangooneka ngati wakuba, palibe mlandu. Ngati umboni ulipo, tipite nawo kwa amfumu, kubwalo la milandu la m'dera kapena kupolisi. Kufwanyula m'nyumba ya munthu ndi kumumenya si ntchito ya gulu. Inu mafumu ndi akuluakulu a makomiti a asodzi, mukamva dzina la munthu likutchulidwa, funsani umboni musanaitane anthu pabwalo. Inu eni mabwato ndi eni minda, muyeseni munthu ndi ntchito yake: kodi amafika nthawi yake, kodi amabweza zonse zimene mwamupatsa? Inu makolo amene mwana wanu wabwera kuchokera ku Nampula kapena ku Joni ali ndi chojambula, ngati chakukhumudwitsani muuzeni, koma mumfunsenso tanthauzo lake musanamuthamangitse pakhomo. Ndipo pamene tanamizira munthu, choona chikadziwika tipite tikapepese pamaso pa anthu omwe aja amene anamva bodzalo.

Inunso achinyamata muli ndi mbali yanu. Mumadandaula kuti akuluakulu amakuyesani mbava chifukwa cha mikono yanu, koma ndinu nomwe mumaseka agogo a mphini kumaso n'kumawatcha afiti. Ulemu umene mukuufuna, yambani mwaupereka.

M'midzi ya ku Chiuta ndi ku Mecanhelas konse, amayi a mphini zakale atsala ochepa. Sabata ino, mukaweruka kusukulu ya kwacha, pitani kwa mmodzi wa iwo. Mufunseni amene anamutema, anali ndi zaka zingati, ndiponso mizereyo inkatchedwa chiyani m'chilankhulo chake. Popeza tsopano mukudziwa kugwira cholembera, lembani yankho lake m'kope mwanu, mudzawerengere anzanu m'kalasi. Ine agogo anga sindinawafunse, ndipo anapita nazo kumanda.