Tisanatenge Galu, Tiyambe Tasuzumira M'nkhokwe

Tikamaphunzitsa za ng'ombe, mbuzi kapena nkhuku pano pa sukulu ya zaulimi, funso loyamba limene timafunsa wophunzira ndi lakuti: kodi ciweto cimeneci cidzadya ciani? Palibe amene amadabwa nalo funsoli, pakuti mlimi aliyense adziwa kuti munthu sagula ng'ombe ya mkaka asanaone msipu ndi madzi. Koma tikafika pa galu, nzeru yomweyi imatithawa. Galu amangofika pakhomo: mwana wamutola kwa mnzake, kapena bambo wakopeka ndi cithunzi ca pa foni nkukagula. Ife tikuti galu ndi ciweto monga zina zonse, ndipo galu woyenera pakhomo pathu ndi amene tingathe kumudyetsa bwino tsiku ndi tsiku mpaka atakalamba.

Masiku ano acinyamata ambiri a ku Chipata, Katete ndi Petauke amalakalaka agalu akuluakulu a mitundu yakunja monga Boerboel, Rottweiler ndi German Shepherd. Sitikuwaseka ai. Munthu amene anaberedwapo mbuzi m'khola, kapena pampu ya madzi ku dimba, ali ndi cifukwa comveka cofunira mlonda woopsa. Komabe akuluakulu anati walira mvula walira matope. Boerboel wamkulu amapitirira makilogalamu 50, pamene galu wa m'mudzi nthawi zambiri amalemera pakati pa 15 ndi 20. Motero Boerboel mmodzi amafuna cakudya coposa ca agalu awiri a m'mudzi, ndipo adzacifuna m'caka ca zokolola zambiri ndi m'caka ca cilala comwe. Amafunanso mpanda wolimba, cifukwa galu wa mphamvu zotere akapulumuka nkukomana ndi mwana wopita kusukulu, mlandu wake sutha ndi kupepesa.

Nyengo yathu nayonso ili ndi mau pa cisankho cimeneci. German Shepherd ali ndi ubweya wambiri umene umamuvutitsa m'kutentha kwa Okutobala, ndipo nkhupakupa zimabisala mosavuta m'ubweyamo nkumupatsa matenda a m'magazi. Ana a Rottweiler amadziwika kuti sacedwa kugwidwa ndi matenda otsegula m'mimba mwa magazi, amene madokotala a ziweto amawacha parvo. Kwa anzathu okhala m'cigwa ca Luangwa kulinso kashembe, amene amadwalitsa agalu monga momwe amadwalitsira ng'ombe. Galu wa m'mudzi, wa ubweya waufupi uja amene timamupeputsa, mtundu wake wakhala m'dziko lino mibadwo yambiri ndipo unazolowera dzuwa ndi maulendo ataliatali. Nayenso amadwala ndipo amafuna katemera, koma sagonja msanga.

Tidzifunse moona mtima nchito imene tifuna kuti galu agwire. Pa mafamu ambiri ang'onoang'ono cimene tifuna ndi galu wogona maso, wouwa msanga kuti atidzutse pamene munthu kapena fisi wayandikira khola, ndiponso wothamangitsa anyani ndi apusi m'munda. Wakuba amaopa phokoso limene lidzutsa mudzi, ndipo galu wa m'mudzi nchito imeneyi amaidziwa bwino. Amene ali ndi mpanda, ndalama zolowa mwezi ndi mwezi ndiponso nthawi yophunzitsa galu wamkulu, amuwete ndithu. Ena tonsefe tisacite manyazi ndi galu wa kwathu.

Posankha kamwana ka galu, tidikire kafike masabata 8 kali kwa make, cifukwa kolekanitsidwa msanga kamakula kofooka ndiponso kamantha. Tione make ngati ali wathanzi ndiponso ngati saluma anthu mwacisawawa, pakuti khalidwe limatsata magazi. Kamwanako kakhale ka maso owala, kosewera, kopanda cimimba cotupa, cimene kawirikawiri ndi cizindikiro ca njoka za m'mimba. Tikatenga wamkazi, tikumbuke kuti amafuna mwamuna pafupifupi kawiri pa caka ndipo bere lake limatenga masiku 63 okha. Ngati sitidziwa kumene anawo adzapita, tikaonane ndi a za ziweto kuti amutseke, ndipo wamwamuna amuthene.

Tsono pa nkhani ya cakudya pali cikhulupiriro cimene tifuna kucitsutsa poyera, cakuti galu wanjala ndiye wolusa. Galu wanjala salonda nyumba. Usiku umene timayesa kuti ali pakhonde, iye amakhala ali kudzala, kuseri kwa cimbudzi kapena m'mudzi wina kufunafuna cotola. Ndiye amene amamwa mazira m'cisa ndi kugwira anapiye, ndipo tikamumenya timakhala tikumulanga pa mlandu wathu womwe. M'maulendo omwewo amakomana ndi nkhandwe ndi agalu osowa mwini, nkubwerera kwathu ndi matenda. Galu wokhuta amakhala pamene pali mbale yake, ndipo amateteza malowo.

Kukhuta kokha sikukwanira. Ambirife timaponyera galu mkute wa nsima nkumati wadya. Cimanga cili ndi zomanga thupi pafupifupi magawo 9 pa 100 alionse, pamene cakudya ca galu wamkulu ciyenera kukhala ndi magawo osacepera 18, ndipo ca ana a galu kupitirira 22. Galu wodya nsima yokha amathanso kudwala matenda a zilonda za m'kamwa ndi kuda kwa lilime, ofanana ndi pelagra imene imagwira anthu odalira cimanga cokha. M'caka ca 1937 katswiri wa ku America, Conrad Elvehjem, anaciritsa agalu odwala matendawa powapatsa niacin, vitamini imene thupi limalephera kuitenga mokwanira m'cimanga, ndipo nzeru imeneyi inathandiza kuciritsa anthu.

Mankhwala ake ali pafamu pomwe. Tiphike phala lolimba la mgaiwa kapena gaga wabwino, nkusakaniza ndi fumbi la kapenta lotsalira pansi pa thumba, kapena ufa wa soya wokazinga, kapena matumbo a nkhuku ophika, kapena dzira lowiritsa. Soya ayenera kukazingidwa kapena kuphikidwa, cifukwa wamuwisi amalepheretsa thupi kugaya zomanga thupi. Tingaonjezepo dzungu lophika kapena masamba pang'ono. Galu wamkulu adye kawiri pa tsiku, kamwana katatu kapena kanai, ndipo woyamwitsa apatsidwe kuwirikiza kawiri kapena kuposerapo. Madzi oyera asasowe pamthunzi. Muyeso wake ndi dzanja: tikasisita m'mbali mwa galu, nthiti zimveke koma zisaoneke patali.

Palinso zimene sitiyenera kumupatsa, ndipo coyamba ndi cimanga ca cuku. Mu Ogasiti 2024 nduna ya zaumoyo, a Elijah Muchima, analengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa m'dziko muno atadya cakudya copangidwa ndi cimanga cokhala ndi poizoni wa cuku wochedwa aflatoxin. Poizoni ameneyu amaononga ciwindi ndipo satha ndi kuphika. Cizolowezi cathu cosankha cimanga coola nkunena kuti ici nca agalu ndi nkhuku ciyenera kutha. Caciwiri ndi mitu ndi zam'kati zosaphika za mbuzi ndi nkhosa. Mbuzi ikayamba kuzungulirazungulira ngati yazunguzika mutu, kawirikawiri mu ubongo wake mumakhala kathumba ka madzi kokhala ndi mphutsi za njoka ya m'mimba. Tikaipha nkuponyera galu mutuwo, njokayo imakulira m'matumbo mwa galu, mazira ake amagwera pa msipu ndi zitosi, ndipo mbuzi zina zimawadya pamodzi ndi udzu. Potero timafalitsa tokha matenda m'khola mwathu. Mutu wotere tiutenthe kapena tiukwirire mozama, zam'kati zonse tiziphike, ndipo galu amwe mankhwala a njoka miyezi itatu iliyonse. Mafupa ophika a nkhuku amathetheka nkubaya matumbo, ndipo anyezi wambiri amaononga magazi a galu, cotero ndiwo zotsala tiziyang'ane tisanakhuthulire m'mbale yake.

Tidziwa kuti wina adzati: ana anga omwe sadya kapenta tsiku lililonse, nanga galu ndani? Funsoli ndi la cilungamo, makamaka kwa ife amene tinaona cilala ca 2024. Mwana ndiye woyamba, ndipo pamenepo palibe mkangano. Koma funso lomweli likutibwezera ku cisankho cija. Banja limene nkhokwe yake ndi yaing'ono liwete galu mmodzi wa thupi lapakati m'malo mwa agalu asanu oonda, ndipo banja limene silingathe ngakhale mmodziyo lidikire kufikira zinthu zitasintha. Kusaweta galu si mlandu. Mlandu ndi kumuweta nkumusiya kuti akadyere mudzi wonse.

Mtengo wotsiriza umene tiyenera kuuwerengera ndi katemera wa ciwewe. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO likuti ciwewe cimapha anthu pafupifupi 59,000 caka ciliconse, ambiri a iwo mu Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi onsewo amacitenga kwa galu. Mwa anthu 10 alionse amene amafa naco, anai ndi ana osafika zaka 15, cifukwa ndiwo amasewera ndi agalu ndipo nthawi zina amabisa akalumidwa. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka, munthu sacira. Galu alandire katemera akafika miyezi itatu, kenaka caka ndi caka. Tsiku la 28 Sepitembala, lokumbukira kulimbana ndi ciwewe padziko lonse, likhale cikumbutso cathu coyang'ana khadi la galu wathu. Munthu akalumidwa, atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka apite kucipatala tsiku lomwelo.

Cotero tikupempha ophunzira athu ndi alimi onse owerenga kalata ino kuti m'buku limene timalembamo ndalama za mbeu, feteleza ndi mankhwala a dibi, tionjezemo mzere wa galu: ufa wake, kapenta kapena soya wake, mankhwala a njoka ndi nkhupakupa, ndiponso katemera. Mzerewo ukakwanira, tipite tikasankhe galu wolingana nawo. Ukapanda kukwanira, kamwana ka galu kaja katsale kwa make.