ZA MAKINA: Modemu Yakale pa Lamya Yatsopano

M'caka ca 1994, pamene ZAMNET ya pa University of Zambia inatsegula njira ya intaneti m'dziko muno, munthu wofuna kulowamo anafunika zinthu ziwiri: nthambo ya lamya ya Zamtel ndi kabokosi kochedwa modemu. Kabokosiko kanali kuimba nambala, kulira monga nkhululu, ndi kusandutsa malemba a m'kompyuta kukhala kulira koyenda m'nthambo. Ngakhale pa mamodemu amphamvu amene anabwera pambuyo pake, liwiro silinapitirire 56 kbps.

Lerolino anthu a m'boma la Chongwe amalowa pa intaneti ndi lamya ya m'manja. Komabe modemu siinafe. Inabisala m'mimba mwa makina a fakisi ndi makina ena akale olipirira ndi khadi. Tsono ofesi iliyonse ya sukulu, ya cipatala kapena ya alimi imene ikali kudalira makina otere iyenera kucenjera ikamaganiza zocotsa nthambo yakale ndi kuika lamya yoyenda pa intaneti, yochedwa VoIP.

Cifukwa cake n'cakuti lamya yatsopanoyi inapangidwira khutu la munthu. Imadula mau m'timaphukusi ting'onoting'ono, ndipo kawirikawiri imawafinya nitaya zimene khutu silingazizindikire. Kaphukusi kamodzi kakasocera kapena kucedwa panjira, womvera amadzaza yekha mau osowawo. Modemu ilibe nzeru imeneyo. Ikaphonya kacidutswa kamodzi imasokonezeka, mwinanso kudula lamya. Motero kalata yotumiza wodwala ku Lusaka ingafike theka lokha, pamene woitumiza ali ndi mtima wakuti yafika yonse.

Mankhwala ake alipo. Wokonza lamya asankhe njira ya G.711, imene imanyamula mau pa 64 kbps osawafinya, m'malo mwa G.729 imene imawapanikiza kufika pa 8 kbps. Atsitsenso liwiro la makinawo kufika pa 9600 bps, pakuti modemu yoyenda pang'onopang'ono imapirira zosokoneza. Kwa fakisi, bungwe la ITU linakhazikitsa njira ya T.38 mu 1998, ndipo kampani yopereka lamya ifunsidwe ngati ili nayo.

Palinso nkhani ya magetsi. Lamya ya nthambo inali kulandira mphamvu yake kucokera ku nyumba ya makina a lamya, mwakuti inali kugwira nchito ngakhale mumdima. Ya pa intaneti imazima magetsi akazima. Amene anaona cilala ca 2024, madzi atacepa ku Kariba ndi magetsi kusowa kwa maola ambiri patsiku, adziwa kufunika kwa batire kapena sola.

Conco nthambo yakale isadulidwe msanga. Makina onse ayesedwe coyamba pa lamya yatsopano, masamba angapo atumizidwe, ndipo wolandira atsimikize kuti afika athunthu. Akulu anati safunsa anadya phula.