NDEMANGA: A Lions adamanga chipatala, ife tiperekeze agogo

Tsamba lino la makalata limadzaza ndi madandaulo. Wina akuti mlatho wagwa, wina akuti mjigo wafa, ndipo onse amatsiriza ndi kupempha boma kuti lichitepo kanthu. Sitikutsutsa, chifukwa boma lili ndi udindo wake. Koma lero tafuna tikambeko za anthu amene amathandiza anzawo mosalipidwa, ndi zimene ife akumudzi tingachite kuti thandizo lawo lisaonongeke.

Tikunena za bungwe la Lions. Bungweli lidayamba m'chaka cha 1917 mu mzinda wa Chicago ku America, ndipo adaliyambitsa ndi a Melvin Jones, amene ankagwira ntchito ya inshuwalansi. Iwowa adaona kuti anthu a bizinesi ankakumana pofuna kutukula matumba awo okha, ndipo adati kuli bwino kumakumana pofuna kutumikira anthu a m'dera lawo. M'chaka cha 1925 mayi Helen Keller, amene adachita khungu ndi kugontha akali khanda, adalankhula pa msonkhano wa bungweli ku Ohio nawapempha kuti akhale ankhondo omenyera anthu osaona. Kuyambira pamenepo nkhani ya maso idasanduka ntchito yawo yaikulu, ndipo mu 1990 adakhazikitsa ndondomeko ya SightFirst yolimbana ndi khungu lopeweka. Ndicho chifukwa chake zipatala za maso za pa Queen Elizabeth ku Blantyre ndi pa Kamuzu Central ku Lilongwe zimatchedwa Lions SightFirst.

Ena amaganiza kuti mabungwe oterewa ndi a anthu olemera ongofuna kujambulidwa, ena mpaka amawakayikira kuti ali ndi zobisika. Kunena zoona, kayendetsedwe kake nkosavuta kumva. Mamembala amasonkha ndalama za m'thumba mwawo zoyendetsera kalabu, amakumana kawirikawiri, amasankhana atsogoleri chaka ndi chaka, ndipo lamulo lawo ndi lakuti ndalama zimene apempha kwa anthu zibwerere kwa anthu kudzera m'ntchito zothandiza. Palibe membala amene amalandira malipiro.

Tsono vuto lili apa. Chipatala chili m'tauni, koma agogo amene maso awo achita ng'ala ali pakhonde kumudzi. Achibale adagamula kale kuti ndi ukalamba basi, kapena kuti adalodzedwa. Kamdzukulu kamene kanayenera kukhala m'kalasi ndiko kamagwira ndodo kuwatsogolera, motero khungu la munthu mmodzi laononga awiri.

Abale athu, ng'ala ndi nthenda imene imachititsa khungu anthu ambiri pa dziko lonse kuposa ina iliyonse, komanso ndi yochizika. Mkati mwa diso muli kagalasi kachilengedwe kamene kamachita chifunga munthu akamakula. Adokotala amachotsa kagalasi kakufako naikapo kena kopanga. Wodwala sagonekedwa tulo, amangochititsa dzanzi diso lokhalo, ndipo ntchito yake sifika ndi ola lomwe. Ambiri amayamba kuona mawa lake akangomasula bandeji. Mphekesera yakuti amakolowola diso nkuikapo la mbuzi ndi bodza lamkunkhuniza.

Tichenjezenso kuti si khungu lonse limene limabwezeka. Pali matenda ena amene amapha diso pang'onopang'ono mosapweteka, ndipo likafa lafa. Choncho kuchedwa nkoopsa. Koopsanso ndi kudonthezera m'maso madzi a zitsamba kapena zinthu zina zosadziwika, pakuti ambiri ataya maso amene akadachira. Poyambira ndi ku chipatala cha boma lanu, kumene kuli ogwira ntchito ophunzira za maso amene amayeza ndi kutumiza wodwala ku zipatala zikuluzikulu. Chipatala cha mishoni cha Nkhoma nachonso nchodziwika pa ntchito imeneyi.

Wina asanene kuti khungu silingagonjetsedwe. Mu 2022 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidalengeza kuti Malawi wathana ndi trakoma, nthenda ija yopinda nsidze kuti zizikanda diso. Izi zidatheka chifukwa boma, mabungwe, mafumu ndi anthu wamba adagwirana manja. Mutu umodzi susenza denga.

Mawu athu apite makamaka kwa inu abusa, ansembe, mashehe ndi akulu a mpingo. A Lions sadziwa kuti m'mudzi mwakuti muli nkhalamba yosaona, koma inu mumadziwa, pakuti ndinu mumaiyendera ndi mapemphero. Lembani maina a onse a vuto la maso m'dera lanu. Lengezani nkhaniyi pa guwa. Amayi a chigwirizano, a mvano ndi a miphakati asonkhe ya basi, ndipo apezeke woperekeza. Kumbukirani kuti pa Marko 2 wodwala uja sadafike yekha kwa Yesu, adachita kunyamulidwa ndi anzake anayi amene mpaka adasasula denga.

Kwa a Lions ndi anzawo a Rotary tikuti zikomo, komabe ntchito ikadalipo. Musathere m'mahotela a m'tauni. Fikani kumidzi, kambiranani ndi mafumu musanayambe ntchito, ndipo uthenga wanu uzipita m'Chichewa ndi m'zinenero zina zimene anthu amamva.

Pomaliza, tidzifunse tokha. Makolo athu anali ndi dima, polimirana minda, ndipo mawu akuti thangata poyamba ankatanthauza kuthandizana, asanawaipitse atsamunda a m'maesiteti. Chifikireni ndale za zipani zambiri mu 1994, ena aife tidayamba kutcha ntchito iliyonse yodzipereka kuti thangata, nkumafunsa kaye za alawansi. Maganizo amenewa atibweza m'mbuyo. Anthu khumi a m'mudzi umodzi akhoza kupangana kukumana kamodzi pa mwezi, kusankha msungichuma wokhulupirika ndi kuyamba ndi ntchito imodzi yokha, yopititsa agogo osaona kuchipatala. Kupatsa nkuika, ndipo ukalamba ukutidikira tonse.

Mudzi kapena mpingo umene wayamba kale zoterezi utilembere, tidzasindikiza kalata yake pa tsamba lino kuti ena atengerepo phunziro.

MKONZI