Kamzikiti Kosabwera pa Mayeso

Anzanga, ndatopa nako kuphunzira mbiri ngati alendo ongodzaona malo. Sabata yatha m'kalasi, dzina la Istanbul litangotchulidwa, aliyense anathamangira ku Hagia Sophia: denga lake lalikulu, mfumu Justinian, chaka cha 537, ndi phokoso la 2020 pamene anaisandutsanso mzikiti. Nditafunsa za kamzikiti ka Sancaktar Hayrettin, mkulu wina wamadigiri ake anangoti zimenezo sizibwera pa mayeso. Kalasi yonse inaseka. Ine ayi.

Kanyumbako kali m'dera la Kocamustafapaşa, pakati pa nyumba za anthu wamba. Kunja kali ndi mbali 8, m'kati kali ngati mtanda. Ndi kokhako katsala pa malo pamene panali nyumba ya masisitere ya Gastria, imene dzina lake limayendera limodzi ndi la Theoktiste, mai ake a mfumukazi Theodora, m'zaka za m'ma 800. Tsono mkamwini wake, mfumu Theophilos, adaletsa kulemekeza zithunzi za oyera mtima. Koma olemba mbiri akale amati gogoyu ankaitana adzukulu ake aakazi nkumawaphunzitsa mobisa kupsompsona zithunzizo. Taganizani inu: mfumu ikulamula dziko lonse, apongozi ake akuphwanya lamulo kuseri pamodzi ndi ana a mfumu yomweyo! Theophilos atamwalira mu 842, Theodora adabwezeretsa zithunzi mu 843. Pambuyo pake mwana wake Michael III adamchotsa pa ulamuliro, nakamtsekera ku Gastria komweko. Kodi nkhani yotere nkuisiya chifukwa denga lake ndi laling'ono?

Wina ayankha kuti makoma alipo lerowa ndi a m'zaka za m'ma 1300, Theodora sanawaone. Nzoona, sindikana. Winanso, wachangu pa chipembedzo, anena kuti Asilamu adalanda za eni. Inde, mzinda utagwa mu 1453 kanyumbako adakasandutsa mzikiti, nkutenga dzina la Hayrettin, wonyamula mbendera wa Mehmed II. Ndilo tanthauzo la sancaktar. Koma nanga nyumba zina zonse za Gastria zili kuti? Chimene chatsala ndi chomwe anthu adapitiriza kupempheramo. Chivomezi cha 1894 chidakagumula, nkukhala bwinja zaka pafupifupi 80 kufikira adakakonza m'ma 1970. Pamenepo chidakaononga ndi kunyalanyaza, matenda omwewo amene ndinawaona m'kalasi mwathu.

Aphunzitsi athu, ndi ulemu wonse, mukutizoloweretsa kuyeza mbiri ndi mamita: chachikulu nchofunika, chaching'ono nchoseketsa. Muyeso umenewo umasunga mafumu nkutaya agogo ngati Theoktiste. Nkhani yanga ya teremu ino ndilemba za Sancaktar Hayrettin. Mukafuna kundilepheretsa, ndilepheretseni mutawerenga.