Akaweruka kuchipatala ali duu, musathamangire kumukayikira

Inu amene muli pabanja ndi namwino, dokotala kapena mlangizi wa zaumoyo kuno kunyanja, kaya akugwira pachipatala chachikulu cha Salima, ku Chipoka, ku Khombedza kapena ku Lifuwu, lero tiyeni tikambirane.

Mnzanuyo akaweruka amangofikira pabedi, nsima ya chambo osaiyang'ana n'komwe. Ana akamuyankhula amawakalipira. Apongozi ayamba kale kunong'ona kuti wapeza wina. Dikirani kaye, abale anga.

Kutopa kwa mtundu umenewu n'kodziwika ndipo kumayezedwa. Mu 2019 bungwe la WHO lidati kumadza chifukwa chopanikizika ndi ntchito nthawi yaitali, ndipo kuli ndi zizindikiro zitatu: kutheratu mphamvu, kuipidwa ndi ntchito, komanso kudziona ngati palibe chimene ukuphulapo. Akatswiri amayeza ndi mafunso 22 omwe Christina Maslach ndi Susan Jackson adakonza mu 1981. Kafukufuku yemwe adatuluka mu 2018 adafunsa ogwira ntchito 520 othandiza anthu omwe ali ndi HIV m'dziko muno, ndipo 62 mwa 100 alionse adapezeka ndi vutoli. Otopawo ndi amenenso ankavomera kwambiri kuti nthawi zina sasamalira odwala moyenera. Onjezanipo kolera wa 2022 mpaka 2023, yemwe adasautsa maboma a m'mbali mwa nyanja.

Kunyumba mulibe mafunso 22, koma atatu awa mungathe. Ana akagona, mufunseni mofatsa: Kodi ukadzuka m'mawa umakhala uli wotopa kale? Kodi odwala ayamba kukunyansa? Kodi ukuona ngati ntchito yako ilibenso phindu? Akavomera, musamuweruze. Mvetserani basi.

Kenako muthandizeni. Akachoka kuntchito ya usiku, agone. Bambo, kuphika ndi kusambitsa ana si manyazi. Achibale obwera kudzapempha mankhwala pakhomo auzeni apite kuchipatala. Mulimbikitseni akambirane ndi akuluakulu ake za tchuthi chake. Ngati tulo sakupeza, wayamba kumwa kwambiri kapena akulankhula zodzipha, musadikire mawa, mperekezeni akaonane ndi achipatala oona za matenda a maganizo.

Akuluakulu adati ng'oma yolira sichedwa kung'ambika. Amene amasamala odwala tsiku lonse, naye afunika womusamala akafika pakhomo, ndipo womusamalayo ndinu.