Liwiro la m'phiri lizisiya kanthu kwa eni phiri

Chaka chilichonse kumapeto kwa Ogasiti, tauni ya Chamonix ku France imadzaza ndi anthu othamanga ochokera m'maiko ambiri. Chowasonkhanitsa ndi mpikisano wa UTMB, womwe unayamba mu 2003. Njira yake ndi ya makilomita pafupifupi 170, yozungulira phiri la Mont Blanc, kudutsa France, Italy ndi Switzerland. Akatswiri amaimaliza m'maola pafupifupi 20, pomwe otsalira amalimbana nayo masiku awiri osaona tulo tenitweni.

Ambiri akaonera makanema a mpikisanowu pa YouTube amangotengeka ndi mphamvu za othamangawo. Ine maso anga amakhala pa ng'ombe zomwe zimaoneka m'mbali mwa njira, mabelu ali m'khosi. Dera limeneli ndi la abusa. Nyengo yotentha amakwera ndi ziweto kumsipu wa pamwamba pa mapiri, kutali ndi msika. Mkaka wa kumeneko sukanafika kumudzi usanasase, ndiye makolo awo anaphunzira kuusandutsa tchizi, yemwe amasungika miyezi yambiri. Malita pafupifupi 10 a mkaka amatulutsa kilogalamu imodzi. Umu ndi momwe anabadwira tchizi wa Beaufort ku mbali ya France ndi wa Fontina ku chigwa cha Aosta ku Italy, madera omwe njira ya UTMB imadutsa. Othamanga akaima popumira, tchizi amakhala pa tebulo. Mlendo amalawa, amaloweza dzina, ndipo akabwerera kwawo amakalifunafuna m'sitolo.

Ifenso tili nawo mpikisano wa m'phiri, ndipo suchititsa manyazi. Porters Race ya ku Mulanje imachitika mu Julaye. Imayambira pa Likhubula, kukwera mpaka ku Chambe, kudutsa ku Lichenya, n'kutsikiranso pa Likhubula, mtunda wopitirira makilomita 20 womwe opambana amaumaliza maola atatu asanakwane. Unayamba ngati mpikisano wa onyamula katundu ndi operekeza alendo m'phiri, anthu omwe masiku ena onse amakwera njira yomweyo chikwama cha wina chili kumsana. Phirilo nalo ndi losasowa chonena: Sapitwa ndi wotalika mamita 3,002, mkungudza wa ku Mulanje sumera mwachilengedwe kwina kulikonse, ndipo mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phirili pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi.

Funso langa ndi lakuti: tsiku la liwiro likatha, alendo atakwera magalimoto awo kubwerera ku Blantyre ndi ku Lilongwe, mudzi wa m'munsi mwa phiri umatsala ndi chiyani?

Mulanje, Thyolo ndi Chiradzulu ndi maboma omwe ali ndi alimi ambiri a ng'ombe za mkaka. Ambiri ali ndi ng'ombe imodzi kapena ziwiri m'khola la kuseri kwa nyumba. M'mamawa amanyamula chigubu pa njinga kupita kumalo osonkhanitsira mkaka, komwe umauzidwa m'thanki kudikira galimoto ya kampani. Magetsi akazima nthawi yaitali, kapena galimoto ikachedwa, mkaka umasasa ndipo wotaya ndi mlimi. Mtengo amatchula ndi wogula, chifukwa munthu wogulitsa chinthu choti chiwonongeka pofika masana alibe pakamwa ponenerera. Vuto lake ndi lomwelija la m'busa wa ku Alps. Kusiyana n'kwakuti uja anapeza njira yosungira mkaka, kenako anaupatsa dzina la dera lake, ndipo malamulo salola munthu wa kwina kugwiritsa ntchito dzinalo.

Wina anena kuti Amalawi sitidya tchizi, n'chakudya cha azungu ndi a ku Area 10. Pali choona pamenepo, ndipo sindikuti tiyambe kukopera Beaufort. Koma chambiko ndi chathu, yogati akuyenda malonda m'magolosale a m'makwalala, ndipo mahotela ndi malo ogulitsa pizza amagula tchizi wochokera ku South Africa ndi ndalama zakunja zomwe tikuti zikusowazo. Gulu la alimi litakhala ndi kafakitale kakang'ono koyendera sola, tsiku la mpikisano lingakhale tsiku loonetsa katundu wawo kwa anthu omwe ali ndi ndalama m'thumba. Pa tebulo lopumira pakhale nanazi wa ku Mulanje, tiyi wa m'minda yomwe othamanga akuiona ali pamwamba, uchi, chambiko cholembedwa dzina la gulu lomwe lapanga. Makampani othandiza mpikisano asamangobwera ndi zikwangwani ndi matisheti, azigula zakudyazo kwa eni dera.

Pali china choyenera kusamala. UTMB yakula mpaka malo olowera amachita kuchitira mayere, ndipo kulowa kumafuna ndalama zambiri. Porters Race ikadzakula chotero, woyamba kukankhidwira kunja adzakhala wonyamula katundu yemwe dzina lake lili pa mpikisanowo. Mlendo wochokera kunja alipire zochuluka ndithu, koma mnyamata kapena mtsikana wa ku Likhubula azilowa ulere, ndipo gawo la ndalamazo lizipita kobzala mkungudza ndi kukonza njira za m'phiri. Anthu a m'munsi mwa phirili anaona zoopsa mu Malichi 2023, pomwe namondwe Freddy anagumula matope ndi miyala n'kukokolola midzi ku Mulanje ndi ku Phalombe. Sitingawapemphe kuti asiye kudula mitengo pomwe phiri likudyetsa ena okha.

Nanga ife a kuno ku Lilongwe? Loweruka m'mawa msewu wa pa Area 18 kulowera ku Bingu Stadium umadzaza ndi othamanga, ambiri ndi achinyamata ngati ife, ena madigiri ali m'chikwama ntchito kulibe. Tonse timangopondaponda phula. Chonsecho Bunda ali pafupi, Nkhoma ali pafupi, Dzalanyama ndi Dedza si kutali, ndipo chigawo chapakati chili ndi magulu ake a alimi a mkaka. Ku LUANAR kuli ophunzira za ziweto ndi za kakonzedwe ka zakudya omwe amadziwa kupanga yogati ndi tchizi. Ife a zachikhalidwe ndi mbiri tikhoza kukhala pansi ndi mafumu ndi akuluakulu, kulemba mayina ndi nkhani za malo omwe njirayo ingadutse, kuti wothamanga adziwe kuti akuponda pa ndani. Koyambira kwake ndi kupita kwa anyakwawa a m'munsi mwa phiri la Nkhoma kukafunsa ngati angalole, komanso kuti iwo angafune kugulitsa chiyani pa tsikulo.