Mumavina reggae, nanga mwanayu walakwanji?

Kuchoka kwathu kuno ku Nchenachena kukafika ku Chileka ndi ulendo wa tsiku lathunthu, koma ine ndinauyenda, ndalama yake ya khofi. Ndinapita kukaonera a Black Missionaries pa Gadaga, pomwe chaka ndi chaka mu Novembala amakumbukira Evison Matafale. Abale anga, fumbi linali koboo! Aphunzitsi, mabwana a m'maofesi, amayi a mvano, onse manja m'mwamba kutchula Jah ndi Ziyoni ngati anabadwira ku Ethiopia.

Nditabwerako, mlongo wanga anandilandira ndi misozi. Mwana wake, mwana wa mRasta, amubweza pasukulu ina konkuno, ati akayambe wameta madiredi. Mkulu amene anamubwezayo ndimamudziwa bwino: pafoni pake pamalira Kuimba 1 m'mawa ndi madzulo. Chinyengo chimaposa apa?

Akuluakulu, tisanamizane. Nyimbo za Matafale sizinali zongogwedezera mapewa. Ankaimba za Mulungu, za umphawi, za atsogoleri odyera anthu masuku pamutu. Anamangidwa chifukwa cha makalata odzudzula boma, namwalira ali m'manja mwa apolisi pa 27 Novembala 2001. Amene akuvina nyimbo zake akuvina uthenga womwe munthu anaufera.

Ena amvekere, “MaRasta ngosuta chamba.” Chabwino, wogwidwa nacho akayankhe kukhoti. Koma mwana wa Sitandade 3 wasuta chiyani? Tsitsi limatseka makutu kuti asamve masamu? Nthawi ya Kamuzu amuna a tsitsi lalitali ankawameta mokakamiza, ndipo mu 1993 tinavotera matipate kuti zoterezi zithe. Mu 2023 khoti lalikulu ku Zomba, pamaso pa Justice Zione Ntaba, linagamula kuti kukaniza ana a madiredi m'sukulu za boma nkuphwanya Malamulo a dziko lino. Kodi chigamulocho chinathera pa Njakwa, osakwera mapiri a Phoka?

Ndipo musaiwale: Haile Selassie, amene maRasta amamulemekeza, boma lathu lomwe linamulandira mu 1965, ndipo pa phiri la Zomba malo otchedwa Emperor's View alipo mpaka lero.

Lolemba ndikumuperekeza ndekha mphwangayo, tsitsi lake lili chomwecho. Bambo mphunzitsi, mundidikire pa ofesi. Mukamubwezanso, nyimbo zija mufufute pafoni, tidziwe mbali yanu. Makolo anzanga amene muli duu, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.